Chitseko cha Mukwa, Loko Kunja

Ena a inu mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene bambo wina wonenepa wa Chibemba amagwada ndi kuwomba m'manja akangondiona pa msika wa ku Matero, ngakhale pansi pali matope. Ndakhala ndikuyankha kuti ndi ulemu chabe. Si ulemu ayi. Ndaganiza zofotokoza ndekha nkhaniyi musanaimve kwa iwo, chifukwa iwo amathiramo tsabola wambiri, ndipo nkhani yake ndi yowawa kale.

Akazi anga, amake Tiyamike, ankafuna bafa ndi chimbudzi cha m'nyumba. Tinkati penshoni ikadzabwera tidzamanga. Penshoni inabwera iwo atapita.

Pakona ya chipinda chochezera panali kamalo kamene tinkasungapo matumba a chimanga ndi njinga yanga yakale. Iwo ankakonda kuima pamenepo, n'kutambasula manja, n'kumaloza kuti apa sinki, apo shawa, uko chimbudzi. Koma ankamaliza ndi chenjezo limodzi nthawi zonse, loti alendo asadzadziwe kuti kuseri kwa chitsekocho kuli chimbudzi, chifukwa munthu sangamwe tiyi mwamtendere akuyang'ana kumene tiyiyo akupita. Maliro atatha, achibale atabwerera kwawo, nyumba inakula kwambiri. Ndinkadzuka wopanda chochita ndi manja anga. Tsiku lina ndinatulutsa matumba aja ndi njinga, ndinatenga choko, n'kugwada pa simenti.

Ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, choncho kujambula mizere pansi sikunandivute. Ndinajambula zonse mwaukhondo, chilichonse pamalo pake, ndipo zonse zinakwana. Chimene sindinajambule ndi munthu amene adzalowemo.

Mmisiri amene ndinamuitana anali a Chanda, okhala kuseri kwa tchalitchi chathu. A Chanda ndi munthu wabwino, ndipo ubwino wawo ndi woti satsutsa. Ukawauza kuti denga likhale pansi, simenti ikhale pamwamba, amagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ni nzelu izo, ba Ticha." Tinagwirizana pa chilichonse, ndipo anthu awiri akagwirizana pa chilichonse, dziwani kuti woganiza palibe.

Zenera sitinaike, chifukwa khoma lakunja linatsamira pa mpanda wa aneba. Kuti mpweya uzilowa, khoma loyang'ana kuchipinda cha Tiyamike tinalisiya losafika ku malata, pamwamba pali mpata woti dzanja n'kudutsa. Thanki ya madzi yapansi inkadya malo, ndiye ndinagula yachikale kwa ogulitsa zitsulo zakale, ija yopachika pamwamba yokoka ndi tcheni. Wogulitsayo anandilumbirira kuti ikamatsika imamveka ngati mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ndinaseka, poganiza kuti ndi mawu a malonda. Matailosi ndinasankha abuluu, mtundu wa chitenje chimene amake Tiyamike ankavala popita ku mapemphero a amayi. Ndinaika galasi lalitali, maluwa apulasitiki pa sinki, ndi kabotolo kopopera fungo la maluwa. Zitatha, ukakhala pansi mawondo ankapereka moni kwa sinki, ukaima mutu unkapereka moni kwa thanki. Koma munali mokongola, zimenezo musandilande.

Kenako chitseko. Apa ndi pamene ndinasonyeza luso langa lonse. Ndinapita kwa akalipentala a ku Kalingalinga, ndipo ndinapeza chitseko cha mtengo wa mukwa, cholemera, chosemedwa maluwa ndi masamba, chimene wina wa kumayadi anaitanitsa n'kuchikana. Zitseko zina zonse za m'nyumba mwanga ndi zamapulanga otsika mtengo, china chimatsekedwa ndi mwala. Ichi chinabwera pa wilibala ngati mkwatibwi. Titachiika ndinapachika katani woyera kutsogolo kwake, wotseka mbali ya chogwirira, ndipo pamwamba pake ndinakhomapo chithunzi cha ukwati wathu. Ndani akanaganiza kuti kuseri kwa chithunzi cha ukwati kuli chimbudzi?

A Chanda anafunsa kuti loko tiike kuti. Ndinawayang'ana ngati mwana wasukulu amene wafunsa kumene dzuwa limatulukira. Chimbudzi chilichonse chimene ndinakhala nacho chibadwire, kunyumba za aphunzitsi ndi kuno ku komboni komwe, chimakhala ndi loko kunja. Ukasiya chosakhoma, obwerera kumowa amachipeza, ana a pamsewu amachipeza, anthu a nyumba zisanu amachisandutsa chawo. Mkati mumangokhala kamsomali kopinda. Ndinati kachitsulo kokolekapo loko kakhale kunja, monga mwa nthawi zonse. A Chanda anati ni nzelu izo. Woledzera uti amene akanadutsa pageti, kutsegula chitseko chachikulu, kupondaponda m'chipinda changa chochezera kuti akafike kumeneko? Funso limeneli silinabwere kwa ine, silinabwerenso kwa a Chanda. Loko ndinamukoleka pamenepo wosatseka, kiyi ali momwemo, ndipo ndinagona ndi mtima wa munthu amene wamaliza ntchito.

Mwana wathu ndi mmodzi, Tiyamike, namwino ku Kitwe. Panali mnyamata wina wofuna kumukwatira, Mutale, amene akwawo ankafuna kubwera kudzadziwika amake Tiyamike asanadwale. Matenda anaimitsa zonse, kenako maliro. Chaka chitatha Tiyamike ankangozengereza. Pa foni ankandifunsa ngati ndadya, ngati ndatuluka panja, ngati ndalankhula ndi munthu tsiku limenelo. Za Mutale ankangoti palibe changu, adikira. Ndinkadziwa chimene ankadikira. Ankaopa kuti akapita kwa mwamuna ine ndidzadzitsekera m'nyumba muno mpaka kalekale. Ndinamuuza kuti awauze abwere. Ndinatsimikiza mumtima kuti tsiku limenelo mwana wanga adzaona bambo woongoka, wometa, wovala suti, wolankhula momveka, kuti apite osacheuka.

Mlongo wanga Falesi, amene amagulitsa tinsomba touma ta kapenta pa msika wa ku Chawama, anabwera kudzaima m'malo mwa amake. Falesi ndi munthu amene akakugulitsa kapu imodzi umachoka ukuthokoza kuti wakupatsa theka. Loweruka m'mawa anasesa, anakolopa, anayala mphasa, anatumiza Tiyamike kuchipinda, popeza mtsikana saoneka pa nkhani zotere mpaka ataitanidwa. Madzi a m'mpope anali atasowa sabata yonseyo, monga mukudziwa madzi athu amabwera akafuna, choncho ndinakwera pampando n'kudzaza thanki ija ndi ndowa mpaka pakamwa. Sindinafune kuti mlendo akhumudwe.

Alendo atatsala pang'ono kufika ndinalowa m'bafa kukamanga tayi pa galasi, n'kukankha chitseko. Tayi ankandimangira ndi amake Tiyamike. Ndinayesa kangapo, mfundo inkangokhotera kumanzere, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene tayi imafuna. Ndili chiimire ndinamva mapazi, katani akusuntha, kenako kaphokoso kakang'ono kachitsulo, khethe.

Falesi tinabadwa mimba imodzi, tinakulira zimbudzi zimodzimodzi. Dzanja lake likaona loko wosatseka pa chitseko cha chimbudzi limatseka lokha, mutu osafunsidwa. Anatseka, anamanga kiyi pamfundo ya chitenje, anabwezera katani. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva "Odi, mukwai" pakhomo, ndi nsapato zambiri zikuvulidwa.

Mudzati bwanji sindinafuule. Munthu wina aliyense akanafuula, inde. Koma taganizani mawu oyamba amene bambo wa mtsikana alankhula kwa apongozi ake a mtsogolo, mawu amene adzakumbukiridwe pa ukwati, pa ubatizo wa zidzukulu, ngakhale pa maliro ake. Akhale oti nditsegulireni, ndili m'chimbudzi? Kwathu mpongozi sayenera kukuona ukutafuna. Ndinaganiza kuti Falesi aona kuti ndasowa, akumbukira, apeza nzeru yotulutsira alendo panja. Ndinatsitsa chivindikiro, ndinakoka buluku pamawondo kuti lisakwinyike, n'kukhala pansi mwaulemu.

Anabwera anthu angapo, amayi awiri achikulire, amalume a Mutale, ndi wowalankhulira, amene Abemba amamutcha shibukombe, ife timati nkhoswe. Ameneyo ndiye a Mulenga, bambo wonenepa uja wa kumsika. Anakhala pa mphasa pansi penipeni pa chithunzi cha ukwati, moti ndinkamva kupuma kwawo kudzera m'mukwa. Malonje anayenda bwino. Mbale zovindikira, zokhala ndi ndalama za mwambo, zinaikidwa pansi. Kenako a Mulenga anafunsa kuti eni nyumba ali kuti, ndipo Falesi anayankha mosatekeseka kuti angotuluka pang'ono, abwera posachedwa. Ndinamumva akupita kukhitchini, akusuzumira kuseri kwa nyumba, akufunsa aneba pampanda. Anabwerera akupuma mofulumira.

Pamenepo kabotolo kanga ka fungo la maluwa kanagwira ntchito imene ndinakagulira. M'mawa ndinapopera mowolowa manja, m'kachipinda kopanda zenera. Ndinatsina mphuno, ndinaluma mlomo, ndinawerenga mapemphero onse amene ndimawadziwa, koma ndinayetsemula ndithu, ndipo matailosi anakuza mawuwo ngati m'tchalitchi.

Falesi anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yomweyo anamva kiyi akumutentha m'chiuno. Akanatha kusuntha katani n'kutsegula. Koma alendo akanaona chiyani? Loko wamkulu, ndi bambo wa mtsikana akutuluka kuseri kwake. Mawa lake Kitwe yense akanadziwa kuti banja lija limakhomera bambo awo ngati mbuzi, imfa ya akazi awo inawasokoneza mutu. Ndani akanatenga mkazi m'nyumba yotero? Mlongo wanga anaganiza mofulumira, monga amachitira kasitomala akagwira kapenta wonyowa.

"Atate a mwana alimo mu chipinda chawo," anatero. "Kwathu ku Katete, tate wa mtsikana satuluka mpaka mtima wake upepesedwe. Ni mwambo."

Ine ndinabadwira ku Katete, ndinakulira ku Katete, ndinakwatira ku Katete. Mwambo umenewo ndinaumva koyamba ndili pa chivindikiro cha chimbudzi.

Mukudziwa kuti ife akum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya, timanyozana momasuka pa ukwati ndi pa maliro pomwe, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Ndinayembekezera kuti a Mulenga aseka. Sanaseke. Anati mwambo ni mwambo, ngakhale wa anthu odya mbewa. Ndiye ndinamva mphasa ikukhwekhwereza, mawondo akuyenda pa simenti, gulu lonse likusendera pafupi ndi chitseko changa. Anayamba kuwomba m'manja, mwapang'onopang'ono, mwaulemu waukulu.

A Mulenga analankhula ngati mbusa. Anati iwo ayenda m'nyumba zambiri, za ku Kitwe, za ku Ndola, za kumayadi kuno, koma chitseko chotere sanachione, ndipo munthu wogona kuseri kwa chitseko chotere si munthu wamba. Anati akumvetsa kuti m'chipinda chimenechi ndi mmene ndimakhala ndi maganizo anga akuya. Amayi aja anavomereza. Ndinamva chivindikiro cha mbale chikutsegulidwa, kanthu kakuwonjezeredwa.

Kulira kwa mbale kumeneko ndi kumene kunandiwononga, chifukwa mawu a Falesi anasintha. Mantha anachoka, m'malo mwake munalowa mawu a pamsika. "Akali okalipa," anatero. "Simunamvele mwamene ayetsemulila?" Anayamba kufotokoza mmene ndinalerera mwanayo ndi fumbi la choko m'mapapo, mmene ndinkayendera wapansi kuti iye akwere basi, zina zoona, zina ndinazimva koyamba. Mbale inaliranso. Ine ndinali chikhalire, mawondo pa sinki, thukuta likutsika m'kolala, mwendo wakumanzere utachita dzanzi mpaka m'chiuno, ndikuyang'ana matailosi anga abuluu. Ndi pamene ndinaona kuti limodzi a Chanda analiika mopendama.

Kenako ndinamva kunong'ona kuchokera pamwamba. Pa mpata uja wa mpweya panaoneka zala zinayi ndi chipumi. Tiyamike anali atakwera pamutu pa bedi lake. Iye ankadziwa bwino kuti chipindacho n'chiyani, koma za loko sankadziwa. Anangomva atate ake aakazi, Falesi, akunena kuti bambo ake akukana kutuluka. Ndinavutika kuimirira, ndinakwera pa chivindikiro ndi nsapato zanga zopolisha, dzanja limodzi litagwira paipi, kuti khutu lifike pafupi.

"Atate," anatero motsitsa, "niziba mwazikhomela chifukwa cha amama. Ngati simufuna kusala mweka, kambani chabe. Nizawauza abwelele. Mutale azamvela."

Mawu ake sananjenjemere, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka. Anali atakonzeka kale. Ndinafuna kumuuza kuti amake akanadzuka kudzandimenya ndi chipande ndikanamugwira mwendo. Ndinafuna kumuuza kuti ndi loko chabe, mwana wanga, loko ndi uchitsiru wa bambo ako. Chimene ndinatha ndi kusiya paipi ija kuti ndiike dzanja langa pa zala zake.

Nthawi yomweyo kunja a Mulenga anakweza mawu. "Batata, mawondo yatha. Sitipempha vambili. Tipatseniko chabe liwu limozi, tizibe ngati mwatilandila."

Nsapato yopolisha, chivindikiro chapulasitiki, mwendo wadzanzi. Sipafunika mphunzitsi wa masamu kuti apeze yankho. Ndinaterereka, dzanja linafunafuna chogwira m'malere, ndipo linapeza chinthu chimodzi chokha chimene ndinachipachika pamenepo ndekha, nditayeza bwinobwino kuti chikhale pofikira.

Wogulitsa zitsulo uja sananame. Madzi onse amene ndinatunga ndi manja anga anatsika nthawi imodzi, paipi inagunda khoma, malata ananjenjemera, ndipo pomaliza panamveka kukhwekhwereza kwakutali, kosafuna kutha, ngati nkhalamba ikutsuka kukhosi. Palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene akanati phokoso limenelo lachokera m'chipinda chogona.

Ndinali nditakhala pansi pakati pa chimbudzi ndi khoma, mwendo umodzi wa buluku utanyowa, tcheni chikugwedezeka pamwamba pa mutu wanga. Ndinapempha Mulungu kuti anditenge pomwepo, popeza suti ndinali nditavala kale.

A Mulenga anawomba m'manja kawiri, modekha. "Tamvela, mukwai. Atate avomela." Kenako anafunsa Falesi. "Nanga ba mayo, ku Katete akakana imamveka bwanji?"

Woyamba kugwa ndi kuseka anali mmodzi wa amayi aja. Kenako amalume a Mutale, amene anali asanatulutse mawu chifikireni, analira ngati matayala a minibasi. Falesi anamasula mfundo ya chitenje, loko anati khethe kachiwiri, ndipo ndinatuluka pansi pa chithunzi cha ukwati wanga, ndikukoka mwendo, kupeza anthu akuluakulu atagwadira chimbudzi changa, mbale zili patsogolo pawo, misozi ili mbwembwembwe. Tayi yokha ndi imene inali yowongoka. Ndinati, "Mwalandiridwa."

Koma pamwamba pa phokoso lonselo ndinamva kuseka kwina kuchokera kuseri kwa khoma. Tiyamike amaseka ngati amake, amayamba ndi kukhosomola, kenako mpweya umamuthera. Kuseka kumeneko kunali kusanamveke m'nyumba muno chiyambire matenda aja. Ndinaima n'kumvetsera mpaka kunatha. Ndiye ndinakhala pampando wanga, buluku likudontha, n'kuuza a Mulenga mokweza, kuti ndi wa kuchipinda yemwe amve, kuti mwanayo ndi wawo, amutenge ndi manja awiri, ndipo ine pano ndili bwino, vuto langa ndi mlongo wanga yekha.

Alendo asanapite aliyense anapempha kuona mkatimo, ndipo analowa mmodzimmodzi, popeza awiri sakwanamo. Mmodzi wa amayi aja anatuluka akusisita matailosi ndi chala, n'kunena kuti amake mwana anali ndi maso abwino posankha mtundu. Sindinawakonze. Zimene zinawonjezeredwa m'mbale Falesi anakana kubweza, ati mwambo ni mwambo, ndipo a Mulenga anati zisiyeni, si za atate, n'za amene anayankha.

Ukwati unachitika, Tiyamike ali kwake ku Kitwe. Masiku ano akaimba foni safunsanso ngati ndalankhula ndi munthu. Amafunsa ngati ndili kunja kapena mkati. A Mulenga anafalitsa nkhaniyi kulikonse kumene Mbemba amapuma, ndipo ndamva kuti mnyamata wina wa ku komboni ya George, popita kukafunsira mtsikana wa ku Katete, anachenjezedwa kuti atenge nsapato za mvula.

Kachitsulo kaja ndinakachotsa tsiku lomwelo alendo atangokhota pakona, ndipo ndinalumbira kuti pa moyo wanga wotsala sindidzaikanso loko mbali imene ine kulibe, ndiponso Falesi akakhala m'nyumba muno tayi ndizimangira pabwalo. Chitseko chokha ndinachisiya, ndi katani wake, ndi chithunzi pamwamba. Amake Tiyamike anapempha kuti alendo asadzadziwe kuti ndi chimbudzi, ndipo alendo sanadziwedi mpaka chinawauza chokha.